Juzi yakuda ya Fanuwelo

Ndinadzuka kusanache, ndipo chondidzutsa chinali kuzizira. Kuzizira kwa ku Rongai, kufupi ndi Nairobi, mwezi wa Julaye kumalowa m'nyumba, kumakhala pansi, kumapinda miyendo ngati mlendo amene alibe maganizo obwerera kwawo. Ine wa ku Ntcheu ndinkati kuzizira ndimakudziwa. Sindinkakudziwa ayi.

Tinali titagona pa siwa masiku anayi, siwa wake wachilendo, wopanda maliro m'nyumba. Kuno thupi limakhala ku mochale mpaka tsiku loika, ndiye tinkaimbira chithunzi chokhala patebulo. Wa pachithunzipo ndi mlongo wanga Fanuwelo, amene anandiponda pamutu. Anabwera ku Nairobi ali mnyamata, wamtali, manja ngati malichero, kudzakhala goloboyi wa timu ina yaikulu ya mumzinda muno. Dzina la timuyo sindilitchula. Mwini wake anasiya kulitchula kalekale, ankangoti anthu aja.

Anthu aja anawagwirira mpira unyamata wake wonse. Tsiku lina bondo linathyoka pabwalo, iwo n'kumusiya m'chipatala, n'kumutumizira kalata yoti ntchito yatha. Atachira anapita kukaonera mpira ndi ndodo zake, mlonda wapageti n'kumufunsa tikiti. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake unatsekeka, gwa. Ali kudwala komaliza anauza mwana wake Ganizani, ineyo ndikumvera pafoni: "Chinthu chawo chilichonse chisadzakhudze bokosi langa. Mukadzatero ndidzabwera kudzagogoda." Ananena akuseka. Koma kubanja kwathu akufa akati abwera, amabwera. Amayi athu anabwera m'maloto chaka chathunthu chifukwa cha mpango umodzi umene tinaupereka kwa munthu wolakwika.

Ganizani anagwira mawu a bambo ake ndi manja awiri. Mwanayu anabadwira kuno, koma bondo lija litathyoka ndinamulera ine ku Ntcheu zaka zitatu, ndiye Chichewa amachiyankhula, ndipo akakwiya amakwiya ngati Mngoni. Anauza aliyense kuti mtundu wa timu ija ndi wa lalanje, ndipo cha lalanje chilichonse chithere pageti.

M'mawa umenewo ndinali ndi ntchito imodzi, ya ine ndekha ngati mlongo wake. Kwathu munthu sapita chimanjamanja. Atate tinawaikira chipewa, amayi tinawaikira chitenje chawo cha kutchalitchi. Ndinakoka sutikesi ya Fanuwelo pansi pa bedi. Pansi penipeni, m'pulasitiki, munali juzi yakuda, yokhuthala m'zigongono, yonunkhira sopo. Kumsana kunali nambala wani. Pachifuwa panali tizilembo tofufutika, koma ine powerenga ndimayenda ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo magetsi a m'chipindamo anali ofooka. Ndinaitembenuza uku, ndinaitembenuza uko, lalanje palibe. Ndinati, m'nthaka ya kuno mukuzizira, mwana wa amayi anga, tenga juzi. Ndinaipinda, n'kuiika m'chikwama changa, osauza munthu.

Kunja azimayi anali atakoleza kale mbaula za makala. Ena ankakanda ufa wa chapati, ena ankasankha mpunga, tiyi akuwira m'chimphika chachikulu ngati diramu. Kamvula kowaza kanayamba, kosanyowetsa msanga koma kosasiya.

Ku mochale tinapita atatu, mlamu wanga mkazi wa Fanuwelo, Ganizani ndi ine. Anali atamuveka suti, atamupesa bwino. Ndinapempha kuti andisiye naye pang'ono. Ndinakweza mutu wake, wolemera, wozizira, n'kuyala juzi ija pansi pa kapilo. Ndinamuimbira kanyimbo kamene ndinkamuimbira ndikamubereka kumbuyo popita kumadzi. Ndinatuluka mtima uli mbee. Kwathu amandidziwa, nyimbo yoyamba kukwaya ya amayi imakhala yanga, nthungululu yoyamba paukwati imakhala yanga, ngakhale zidzukulu zanga zimati agogo popempha mchere amaimba. M'galimoto ya maliro ndinkaimba, maminibasi a kuno otchedwa matatu akutipyola ndi phokoso lawo, maenje a mumsewu akutigwedeza, ine nyimbo basi.

Titafika pageti la nyumba, nyimbo inandithera m'kamwa.

Panali amuna ambiri, ena a imvi, ena a mimba zazikulu, onse m'mipango ndi zipewa za lalanje. Anali ndi ng'oma ziwiri ndi mbendera yaikulu yopinda. Awiri ananyamula chithunzi cha m'galasi, chakalekale. Pachithunzipo panali anyamata ataima m'mizere, onse lalanje, lalanje, lalanje, koma pakati pawo mmodzi, wamtali, atagwira mpira. Fanuwelo. Atavala juzi yakuda, yokhuthala m'zigongono.

Pambali panga panali mayi wina wa kumudzi kwathu ku Malawi, wogwira ntchito kubungwe lina la kunja, wokhala ku Runda, dera la olemera. Ndi amene ankandimasulira Chiswahili masiku onsewo. Ndinamugwira dzanja.

"Bwanji iye yekha wavala zakuda?"

"Goloboyi savala zofanana ndi anzake, amayi. Yunifomu yake ya timu ndi imeneyo."

Chinthu chawo, chinthu chawo chenicheni, ndinali nditachiika ine ndi manja anga pansi pa mutu wake.

Bokosi linalowa, geti n'kutsekedwa, a lalanje aja n'kutsala kunja. Anatikhazika mutenti. Anthu ankabwerabe. Ana a sukulu achimalawi ochokera kudera la South B anafika gulu, n'kuyamba nyimbo za kwathu, atsikana ena ofunda kumutu akugawa tiyi m'makapu. Anabwera a magalimoto onyezimira, anabwera a nsapato zamatope, anabwera anyamata amene Fanuwelo ankawaphunzitsa mpira pabwalo lafumbi la kuseri kwa msika. Aliyense ankandigwira dzanja n'kunena pole, pole shosho, kutanthauza pepani agogo. Ine osamva kanthu. Abusa analalikira, ine osamva kanthu. Kunja ng'oma inkalira pang'onopang'ono, du, du, ndipo ine ndinkamva ngati munthu akugogoda.

Ndinkaganiza njira. Ndiuze Ganizani? Akwiya pamaso pa anthu, achotsa juzi, ndipo a kunjawo akamva kuti yunifomu yawo yatayidwa m'matope, geti ili siliwaletsa. Ndikhale chete? Ndiye kuti ndamukwirira mlongo wanga ndi chinthu chimene anachitemberera, ndipo adzagogoda pakhomo panga ku Ntcheu, pamene pamagona zidzukulu zanga. Ana a sukulu aja anandiyang'ana kuti ndiyambitse nyimbo, poti anali atandimva masiku anayi. Ndinatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha.

Nthawi yoona nkhope itayandikira, Ganizani anapita kugeti. Ndinamuona akuyankhula ndi mkulu wina wotsimphina, wa mutu wonse woyera, amene ankasewera kumbuyo, kutsogolo kwa golo la Fanuwelo. Mawu sindinawamve. Ndinangoona mkuluyo akuvula chipewa, akuvula mpango, akuvula jekete, n'kuzikoleka pampanda. Anatsala ndi shati yokha m'kamvula kaja. Anzake anayang'anana, nawonso n'kuvula, mmodzimmodzi, mpaka mpanda wonse unasanduka lalanje. Mbendera anaitsamiritsa pomwepo. Ganizani anatsegula geti.

Ine ngati mlongo anandikhazika kumutu kwa bokosi. Atatsegula chivindikiro, ndinaona. Maenje a mumsewu aja anali atasuntha kapilo, ndipo mkono wa juzi unatulukira pafupi ndi khutu lake, chigongono chokhuthala chija chili poyera. Ndinaikapo dzanja langa ngati ndikumusisita. Anthu ankadutsa, ankadutsa, dzanja langa lili pomwepo.

Mkulu wotsimphina uja atafika, anaima. Sanayang'ane nkhope yokha. Anayang'ana dzanja langa, n'kuyang'ana nsalu yakuda imene inkaonekera pakati pa zala. Anatulutsa liwu limodzi lotsika, ngati munthu amene wapondedwa pachilonda. Mzere wonse unaima.

Ganizani anabwera. Anachotsa dzanja langa mwaulemu, n'kuona.

"Waika ichi ndani?"

Ng'oma ya kunja inali italeka. Ndinaimirira.

"Ndine, bambo."

"Azakhali, mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndadziwira pageti paja. M'mawa ndinaona juzi, ndinaona kuzizira. Zina sindinazione."

Nkhope yake inachita mdima. Anatambasula dzanja kuti asolole juziyo, ndipo kuisolola kunali kukweza mutu wa bambo ake pamaso pa khamu lonse. Kumbuyo kwa mkulu uja amuna aja anayamba kung'ung'udza ndi kusendera. Ndinatseka maso.

"Siya."

Anali mlamu wanga. Ndi wa konkuno, Chichewa anachiphunzira m'nyumba, amachiyankhula modukizadukiza, koma tsiku limenelo anasankha Chichewa kuti ine ndimve. Anali atagwira mkono wa mwana wake.

"Juzi iyi ndachapa ine. Zaka zonse, ndi manja. Anthu aja akamasewera, bambo ako amatseka chitseko, amavala iyi, amatsegula wayilesi pang'ono. Amawatukwana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Akatha amavula, amandipatsa, ndimachapa."

"Ine sindinaonepo."

"Sanafune uone."

Mkulu wotsimphina uja anayamba kuyankhula m'Chiswahili, mayi wa ku Runda akundinong'oneza kukhutu. Anati timu itamuchotsa Fanuwelo, akuluakulu anafuna yunifomu yawo, ndipo wotumidwa kukaitenga anali iyeyo. Ulendo woyamba Fanuwelo anamupatsa tiyi n'kumuuza kuti juzi ndi yonyowa, abwere tsiku lina. Ulendo wachiwiri anamupeza ataima pakhomo ndi ndodo zake ziwiri. Fanuwelo anamuuza kuti, bondo langa lili kwa inu, juzi ili kwa ine, mukabweza bondo mudzatenge.

Wina kumbuyo anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Ganizani sanaseke.

"Ndiye ndi yawo kapena ndi yake?" Ganizani anawafunsa amayi ake.

Amene anayankha anali mkulu uja, ndipo mayi wa ku Runda anati akunena kuti, tinalephera kumulanda ali ndi mwendo umodzi, lero ndiye tiyese?

Kamvula kankagwa patenti, tho, tho. Kenaka Ganizani anawerama, n'kubwezera mkono wa juzi uja pansi pa kapilo, n'kukonza kolala ya bambo ake. Anati mbendera ikhale pampanda pomwepo, nyimbo za timu zisamveke, koma ofuna kunyamula anyamule.

Ananyamula amuna a imvi aja, m'mashati okha, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka kumanda a ku Lang'ata, magalimoto atayatsa nyali masana, anjinga zamoto akutipatukira. Kumanda kunalibe adzukulu ngati kwathu, dzenje tinalipeza lokumbakumba, dothi lake lofiira, lomata kunsapato. Anamutsitsa ndi zingwe. Ndinaponya dothi langa, ndipo mumtima ndinati, Fanuwelo, ngati ndalakwa, ubwere kwa ine ndekha, ana uwasiye. Chifukwa nkhani ya amoyo inali itatha, koma ya iye mwini sindinaidziwe. Anati chinthu chawo chilichonse. Sanati kupatula juzi.

Dzuwa likulowa nyumba inatsala ndi ife atatu. Tenti inali itagwetsedwa, mipando itapita, mbaula zitazima. Tinakhala pabalaza tikumwa tiyi. Pamenepo pageti panamveka kugogoda. Go, go, go.

Kapu inandigwa m'manja. Mlamu wanga anandiyang'ana, nayenso maso ali tong'o. Go, go, go. Ganizani anadzuka, n'kutuluka. Ndinamva geti likulira, ndinamva mapazi awiri, limodzi lokoka. Lokoka ngati la Fanuwelo. Ndinagwira mpando.

Analowa mkulu wotsimphina uja, chipewa cha lalanje chili m'manja. Anzake anali atatenga zawo, iye anaiwala chake pampanda, ndipo Ganizani anamuuza kuti alowe amwe tiyi. Chipewacho anachiika m'thumba asanakhale.

Ganizani analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kawayilesi ka bambo ake. Anafunsa amayi ake kuti ankatsegula pati. Iwo anapotokola okha, mawu pang'ono, monga ankachitira mwini wake. Ganizani anandimasulira kuti wowerenga nkhani za masewero wati anthu aja asewera masanawo ndipo agonja.

"Bwenzi lero atadya mbale ziwiri," anatero mlamu wanga.

"Nanga akapambana?" ndinafunsa.

"Ziwiri zomwezo. Koma mokwiya."

Mkulu uja, atamumasulira, anaseka mpaka kutsokomola. Ganizani anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka. Ine ndinakhala tcheru, khutu kugeti. Mphepo inkadutsa pamalata. Galu wa oyandikana nawo anauwa kamodzi n'kuleka. Geti linali chete.

Ndinatola zidutswa za kapu ija. Ndili chowerama choncho ndinamva kanyimbo ka popita kumadzi kaja kakutuluka kokha pakhosi panga, pang'onopang'ono, ndipo sindinakaletse.