Tsiku Limene Wozinga Anakana Kuzinga

Kwathu kuno ng'ombe siloledwa kufa yokha. Ikangoonetsa kuti ikupita, anthu sathamangira mankhwala ayi, amathamangira munthu wa mpeni. Nyama yofa yokha palibe angagule, ndipo ngakhale yozingidwa, ngati wazingayo si Msilamu, anthu ambiri m'misika ya kuno mpaka ku Songani saiyang'ana n'komwe. Choncho ife Akhristu, ngakhale tiimbe kwaya mpaka mawu kusasa, tsiku limene ng'ombe yagwa timatumiza uthenga kwa anansi athu Achiyao.

Wozinga wa dera lathu anali bambo ena aatali, owonda, osakonda kuyankhula, ovala kachipewa koyera. Mpeni wawo unkayenda m'thumba lachikopa pa keliyala ya njinga, ndipo mwa mwambo akazinga ankapatsidwa nyama ya pakhosi. Amayi anga sankafuna kuwaona bambo amenewa. Akadutsa pamsewu, amayi ankatembenukira kumbali n'kunena kuti, “Muimba uja wadutsa, kwinaku munthu akulira.” Sikuti anawalakwira kanthu. Koma chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, ng'ombe za abambo anga zinayamba kuwonda, kutupa kunsi kwa chibwano, n'kumagwa kudambo. Zinalipo zisanu. Zinayi anazizinga ndi bambo omwewo, pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Chaka chotsatira abambo nawonso anatisiya, ndiye mumtima mwa amayi nkhope ya wozinga inangosakanikirana ndi maliro.

Yotsala inali yaikazi, yofiira, ya nyanga imodzi yopindika. Amayi ankaisamala mpaka ife ana awo tinkachita nayo nsanje. M'mawa uliwonse ankaifufuza m'makutu ndi kunsi kwa mchira kuchotsa nkhupakupa. Alangizi a ziweto atawauza kuti nyongolotsi za m'chiwindi, zimene zinapha zinzake, zimachokera m'madzi osayenda okhala ndi nkhono, amayi analumbira kuti yawoyo sidzamwanso m'thamanda. Ankasenza okha ndowa kuchokera ku mjigo. Anthu ankaseka kuti pakhomo pathu ng'ombe imamwa madzi abwino kuposa alendo, ndipo kunena zoona sankanama. Nthawi imene ndikunenayi ng'ombeyo inali ndi bere loyamba chimwalirire abambo.

Tinali titangoyamba kuwokera mpunga. Ine ndinali mtsikana wamkulu ndithu, nditamaliza sukulu n'kubwerera kumudzi kukadikira ntchito imene sinkabwera. Tsikulo amayi anaunjika mango kuseli kwa nyumba oti akwere boti la ku chilumba cha Chisi, kumene ankasinthanitsa ndi matemba. Titabwerako kudambo dzuwa litapendeka, tinapeza ng'ombe itadula chingwe, itaima pabwalo, khosi italitambasula, dovu likuyenderera mpaka pansi. Mimba mbali ya kumanzere inali itakwera kupitirira msana. Ukaimenya ndi chala inkalira ngati ng'oma.

Malume, achimwene awo a amayi, anafika akuthamanga. Malume ndi munthu woti sanasowepo yankho pa funso lililonse, ngakhale limene sanafunsidwe. Atangoiona anati yameza chule. Patapita kanthawi anasintha, akuti wina wansanje waithirira mankhwala. Anatenga botolo la mafuta ophikira n'kuithira m'kamwa, mafuta onse n'kubwerera m'mphuno, ng'ombe ikutsokomola momvetsa chisoni. Ine ndinaimbira foni alangizi. Anati ali tsidya lina la mtsinje, madzi adzaza, njinga yamoto singawoloke mpaka m'mawa. Asanandiuze chochita, foni inaduka.

“Chemwali, apa palibe kuchitira mwina,” anatero malume. “Ikafa yokha mutaya zonse, chikopa chokha n'chimene mutole. Ndaitana kale munthu wa mpeni.”

Amayi anakhala pansi pakhonde, miyendo atatambasula, matope akudambo akadali m'mapazi. Ine mtima unandiwawa poona momwe mbiri ya nyama imathamangira. Kukakhala ntchito yokumba ngalande, anthu a kwathu amamva mochedwa, koma madzulo amenewo azimayi ena anali atafika kale, mbale atazibisa m'zitenje, nkhope zachisoni ngati abwera kudzapepesa.

Wozinga anafika, n'kuyedzamiritsa njinga pa mtengo wa mango womwe uja. Analonjera aliyense. Amayi anayang'ana kumbali. Malume anali atakonza kale zingwe zoigwetsera, koma bambowo sanafulumire kutulutsa mpeni. Anaizungulira ng'ombe pang'onopang'ono, n'kuiyang'ana m'maso, n'kuinunkhiza m'kamwa. Kenako anayendetsa dzanja m'khosi mwake kuyambira kuchibwano kutsika, mpaka anaima pamalo amodzi. Anakanikiza, ng'ombe n'kudzidzimuka.

“Pakhomo pano mwaunjika mango?” anafunsa.

Ndinathamangira kuseli. Mulu uja unali utamwazika, paliponse mapazi a ng'ombe.

“Iyitu sikudwala ayi, yatsamwa,” anatero. “Ng'ombe imageya tsiku lonse, kungoti inu simuimva. Njira ikatsekeka, mpweya umadzaza m'chifu mpaka kufinya mapapo. Tikautulutsa mpweyawo, tipeza mpata wochotsa chimene chakhala pakhosichi.”

Malume anakwiya. “Achimwene, takuitanirani kuzinga, osati udokotala. Nanga ikakuferani m'manja?”

“Mpeni ndili nawo pompano. Ndikaona kuti ikupita, ndizinga, simutaya kanthu.” Atatero anawadutsa malume n'kukanjuta patsogolo pa amayi. “Mwini wake ndinu, amayi. Nenani ndinu.”

Amayi anayang'ana ng'ombe yawo ikubuula. Kenako, osawayang'ana bambowo, anati, “Chitani zimene mukudziwazo.”

Zimene ndinaona pamenepo sindidzaziiwala. Anadula kansungwi kakang'ono kokhala ndi chibowo, n'kukasongola mbali imodzi, n'kundiuza kuti ndikawiritse m'madzi a mchere pamodzi ndi kampeni kawo kakang'ono. Anayeza ndi chikhatho kuchokera pa nthiti yomaliza, n'kuyezanso kuchokera pa fupa la chiuno. Ankayankhula motsitsa, ngati akudziuza okha, kuti ng'ombe zimene anatsegula pa moyo wawo n'zosawerengeka, ndipo akudziwa pamene chifu chimagundana ndi chikopa. Anatchula dzina la Mulungu monga amachitira akamazinga, n'kubaya kamodzi kokha, n'kulowetsa nsungwi ija. Mpweya unatuluka ukuimba likhweru. Fungo lake, abale inu! Azimayi a mbale aja anabalalika atatseka mphuno, ndipo ine, ngakhale misozi inali m'maso, ndinaseka. Mimba inayamba kuphwa tikuona.

Ntchito inali isanathe. Anauza malume ndi amuna ena awiri kuti agwire nyanga, iwo n'kupingasa chikuni m'kamwa mwa ng'ombe. Anayang'ana manja a anthu onse amene analipo n'kuloza anga. “Chemwali, anu ndiwo owonda. Ine ndikankha kunja kuno, inu mulandire m'katimo. Musaope, mano akutsogolo kumwamba ilibe, koma zala zisapite m'mbali.”

Ndinapinda malaya n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono. M'katimo munali motentha ndi moterera. Bambowo anaika zala zawo zazikulu kunsi kwa chotupa chija n'kumakankhira m'mwamba pang'onopang'ono, thukuta likutsika m'chipewa. Kawiri konse ndinachikhudza n'kundipulumuka. Sanandikalipire, anangoti, “Tiyambirenso.” Kachitatu ndinachikola ndi zikhadabo n'kukoka. Chinali chimango chachiwisi, chosatafunidwa n'komwe. Ng'ombe inameza malovu, n'kupukusa mutu, kenako inageya mokweza. Sindinkadziwa kuti munthu angasangalale chonchija ndi kugeya kwa ng'ombe.

Malume anatola chimangocho n'kuchiyang'ana mbali zonse. “Ndimanena ine kuti yameza chinachake,” anatero, ndipo palibe anawatsutsa.

Bambo aja anazula nsungwi ija n'kutsuka bala ndi madzi a mchere, n'kutichenjeza kuti tisaipatse udzu wambiri, ndiponso kuti alangizi abwerebe m'mawa kudzaibaya jakisoni, chifukwa bala lofika m'mimba si lochita nalo masewera. Wozingawo akuti ntchito yawo yathera pomwepo, zotsalazo n'za anthu a sukulu. Alangiziwo atabwera tsiku lotsatira anayang'ana pamene panabayidwa, n'kufunsa kuti wachita zimenezi anaphunzira kuti. Nditawauza kuti ndi wozinga, anangogwedeza mutu, n'kunena kuti akanadikira iwo, akanapeza chikopa chitakhomedwa kale padzuwa.

Ndakumana ndi anthu ambiri odziwa ntchito zawo, koma wozinga uyu ndimamuika payekha. Anaitanidwa kudzapha, nyama ya pakhosi inali yake kale, anthu onse anali atavomereza, ndipo palibe akanamudzudzula. Amene anali ndi chifukwa chofulumizira mpeni anali iyeyo, koma ndi yekhayo amene anayamba wafufuza.

Madzulo a tsiku lotsamwalo, wozinga akumangirira thumba lawo pa njinga, amayi anadzuka pakhonde. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi madzi m'kapu ya abambo, imene chimwalirire mwini wake palibe ankaloledwa kumwera. Anagwada n'kupereka ndi manja awiri. Kenako anati:

“Abambo, ine ndakhala ndikukunenani zoipa.”

“Ndimamva, amayi,” anayankha atamwa. “Sindinkakwiya. Zinayi zija pansi pa mtengo uwu inenso ndimazikumbukira. Zijazo chiwindi chinali chitatha, panalibe chochita. Lero pobwera m'njira monse ndimapempha Mulungu kuti iyi yokha ndikusiyireni.”

Amayi anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kulira, kulira kumene sindinawamvepo chiikire abambo m'manda.

Patatha miyezi iwiri ng'ombe ija inaswa kamwana kakakazi, kofiira ngati mayi wake. Mkaka utayera, amayi anadzaza botolo loyamba, n'kukana kuti ine ndikapereke. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kuyenda okha wapansi mpaka kwa wozinga.