Nyemba za Solwezi, Vinyo wa Chablis

Sikisi koloko m'mawa, ba Mainess ali kale pampopi kuseri kwa nyumba yawo ku Mtendere, akuviika mabotolo a vinyo m'beseni. Pepala la pabotolo likafewa amalimatula mosamala n'kulimata m'kope lakale la mwana wawo. Mabotolowo amatola kuntchito, poti akhala akukolopa m'shopu ya vinyo ku Kabulonga zaka zisanu.

Mwezi watha wogulitsa wina anasiya ntchito, iwo n'kupempha malowo. Ba Mukupa, eni shopu, anaseka, ati munthu wa giredi seveni mayina a vinyo aja adzamupinda lilime. Komabe anawapatsa sabata imodzi yoyesera, akalephera abwerere ku mopu.

Chimene ba Mukupa sankadziwa n'chakuti mayiyu anakulira pabenchi ya nyemba mumsika. Kumeneko kabulangeti ndi mtundu wa nyemba, koma ukati Solwezi watchula kumene zachokera. Vinyonso ndi chimodzimodzi, amatero ba Mainess. Wa ku South Africa kawirikawiri amalemba mtundu wa mphesa ndi zilembo zikuluzikulu: Pinotage, Shiraz, Chardonnay. Wa ku France amakonda kulemba mudzi basi, za mphesazo uzidziwire wekha. N'chifukwa chake kope lija lili pawiri, mphesa kutsogolo, midzi kumbuyo. Mayina ena anawathandiza ndi mwana wawo Gloria pafoni.

Lachinayi la sabata yoyesera ija kunabwera mayi wina wofuna Chardonnay wa ku France, wa phwando. Ba Mukupa anayang'ana pashelefu n'kupepesa kuti watha. Kasitomala akutembenuka, ba Mainess anatsitsa botolo lolembedwa Chablis.

"Ni Chardonnay uyu, ba madamu. Chablis ni kumudzi kwake chabe."

Mayiyo anafufuza pafoni, n'kutenga mabotolo anayi. Lolemba lotsatira yunifomu ya ogulitsa inali itapachikidwa pamsomali pamene ba Mainess amasiya chikwama.

Ife a pamzere wathu tikuyenda mapewa m'mwamba. Ba Mainess eniakewo ndiye akuti nkhondo ikadalipo, vinyo wa ku Italy akuwasokonezabe, ndipo ba Mukupa awauza kuti shelefu imeneyonso ikhala yawo. Nditatseka kope langa lomwe ndinkalembamo nkhani yawoyi, ba Mainess anandigwira dzanja.

"Amake Mwaiwathu, Sabata mukachoka ku chechi mubwere. Muzibisa kope na dzanja n'kutchula dzina, ine nizikamba ngati ni mphesa olo ni mudzi. Nikalakwa musanimvere chifundo."