Mbewa za Wilma Hensley

Kumapiri a ku Tennessee, Wilma Hensley ankadziwika kuti ndi mayi wometa mbewa. Anthu ankaseka, koma inali ntchito yeniyeni, ya yunifolomu yoyera. Kunyumba yofufuzira ankatenga mbewa yoyera, kuimeta pamsana, n'kudonthezapo mafuta akuda osungunulidwa kuchokera ku malasha. Mafutawo ankati adzayendetsa magalimoto a dziko lonse, ndiye akatswiri ankafuna kudziwa kaye ngati amayambitsa khansa.

Mwamuna wake, Delbert, ankagwira ntchito kufakitale yomwe inkaphika mafutawo. Kale ankakumba malasha, ndipo amene anamutulutsa mumgodi ndi Wilma yemweyo, bambo ake a Delbert atamwalira ndi chifuwa cha fumbi la malasha. Anamuumiriza chaka chathunthu, tsiku lina mpaka kumubisira nsapato za kumgodi. Munthu wamakani ngati Delbert kugonja, abale inu, Wilma anavina m'khitchini.

Miyezi itapita, mbewa zinayamba kutuluka tinjerewere pamsana. Tinjerewere tinakula n'kusanduka zilonda. Akatswiri anati palibe cholengeza mpaka kafukufuku yense athe, ndipo kufakitale ntchito inapitirira.

"Uzisamba bwino ukaweruka, Delbert," anatero Wilma akumupakulira nyemba ndi buledi wa chimanga.

"Ndimasamba mpaka khungu kuwawa. Kodi ukundiona ndili ndi mchira ine?"

"Mchira ulibe, koma nzeru mbewa ikukuposa."

Anaseka onse awiri, koma Wilma chakudya sichinamulowe.

Loweruka lina masana anamukhazika pampando pakhonde kuti amumete, monga ankachitira chikwatiranireni. Atapinda kolala ya malaya, anachiona pakhosi, pomwe nsalu yonyowa mafuta inkakhula tsiku ndi tsiku. Chinthu cholimba, chotuwa, chokhala ndi kabala pakati. Sanafunike dokotala woti amuuze. Anasiya kumeta.

"Wasiyiranji? Ukufuna ndipite kutchalitchi mutu uli wometa mbali imodzi?"

Dokotala anachidula, chinameranso. Anadulanso, koma chinali chitalowa kale m'kati. Pofika nyengo yachisanu Delbert anali ataonda, jekete likungolendewera, ndipo nthabwala zinamuthera. Wilma ankapitabe kuntchito m'mawa uliwonse kukadontheza mafuta aja, poti kafukufuku anali asanathe. Zinkamuwawa, ndipo ankalira m'galimoto asanalowe pageti.

Tsiku lina akumusintha bandeji, Delbert anamugwira dzanja.

"Wilma, iwe ndi amene umazidziwa zimenezi. Mbewa zako zija, chilonda chikafika apa, zimatani?"

Wilma anayang'ana kunja, kumene chipale chofewa chinali chitakuta nkhuni zomwe Delbert anawaza asanadwale. Mbewa zotere anali atazinyamula ndi manja ake mazanamazana, ndipo mwa zonsezo panalibe ndi imodzi yomwe imene inapulumuka.

"Zina zimachira," anatero, n'kupitiriza kukulunga bandeji.