Thovu la Sitima ya Amalume

Kompyuta ija inali yakuda, yosweka pakona, ndipo batani lina linagweruka ngati dzino. Amalume anabwera nayo kuchokera ku Tete chisanu chikuyamba, m'chikwama chimodzi ndi nsapato zawo za ku mgodi wa malasha. Amayi anasangalala. Bambo anali atamwalira, dimba la mbatatesi linkatikulira awirife, ndiye kubwera kwa mwamuna kunatanthauza makheni ena awiri pothirira. Amalume anati abwera ku feriya, kutanthauza kutchuthi. Feriya yake sinathe.

Kheni sanaigwire. Ankakhala pakhonde kuwothera dzuwa, bulangeti m'miyendo, foni pambali, n'kumayendetsa sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja m'masewera a pa kompyuta ija. Munthu wa ku Domwe, woti madzi akuya amene ankawadziwa ndi a pachitsime! Akanakhala kuti ankangosewera, bwenzi nditawakhululukira kalekale. Koma iwo ankalimbana ndi thovu. Sitimayo ikathamanga, chopalasira chake chakumbuyo, chonga fani, chinkatulutsa timathovu. Timathovuto tikamaphulika tinkasokosa, adani a pamwamba pa madzi n'kumva, n'kuponya mabomba. Kuti upulumuke unkayenera kuyenda pang'onopang'ono kapena kumira kwambiri. Amalume zonsezo sankazifuna. "Jogo iyi ikunama," ankatero, kunena masewerawo. "Ndiikonza ine."

Kukonzako kunali kutsegula fayilo yodzaza manambala ndi Chingerezi, kusintha nambala imodzi, kuyatsanso masewerawo, kutchera khutu, kutukwana, n'kuyambiranso. Anafika poitanitsa aphunzitsi anga kuti adzawamasulire mawuwo. Aphunzitsiwo anathera pomwepo Loweruka lonse, nawonso khutu lili pa kasipikala. Amuna awiri a ndevu zawo! Pamenepo n'kuti ine ndikudutsa ndi kheni, zidendene zitang'ambika ndi mphepo, mapewa akuyaka moto. Batire ya sola inkathera momwemo, moti wailesi ya amayi inachita fumbi.

Tsiku lina anasintha nambala yolakwika, sitima n'kukana kumira. Inkangoyandama ngati dzungu mabomba akuigwera. Ndinaseka mpaka kutaya madzi a m'kheni, ndipo anandithamangitsa ndi patapata.

Mizere ya kumtunda kwa dimba inayamba kufota. Masamba ankati ukawagwira, tswatswatswa ngati pepala. Amayi sakanatha kuwakalipira amalume, popeza anali mlongo wawo wamkulu, mwinimbumba, amene milandu yathu yonse inkayenera kuthera pa iwo. Ankangoima patali, manja m'chitenje, n'kunena kuti, "Achimwene, mbatatesi ikupsa." Yankho linali limodzi: "Ndatsala pang'ono, achemwali." Mpaka lero mwamuna akandiuza mawu amenewo mutu umayamba kundiwawa.

Nambala ija anaipeza chisanu chikutha. Ndinali kubwera kumtsinje pamene anandiitana. "Iwe, tabwera udzamve." Ndinatula kheni. Sitima inali pa liwiro lake lonse, koma kasipikala kali zii. Anadutsa pansi penipeni pa adani, palibe anatembenuka. Anabwerera n'kudutsanso. Anawazungulira, anatulukira pafupi nawo, anachita zonse zoputa dala. Adaniwo ankangopitirira ulendo wawo ngati pansipo palibe munthu.

"Ndiye kuti mwawina?" ndinafunsa.

Anatenga foni, anaiyang'anitsitsa, n'kuibweza pamalo pake. Kenako anatseka kompyuta, anavala nsapato za ku mgodi zija, ananyamula kheni yanga ndi ya amayi, ulendo wa kudimba. Mizere ya kumtunda inali itapita kale. Pokumba tinapezamo timbatatesi tonga mazira a njiwa, toti ogula a pamsika wa pa Kalomwe sakanatiyang'ana n'komwe. Tsiku limenelo ndinakwiya kuposa masiku onse. Kani miyendo anali nayo!

Mkwiyowo sunathe wonse, ndisaname, chifukwa mapewa amene anasenza nyengo ija ndi anga. Koma pa nthawiyo sindinkadziwa kuti ku mgodi anali atawachotsa ntchito. Sindinkadziwa kuti akazi awo, amene anatsala ku Tete ndi ana, sanaimbe foni ija ngakhale kamodzi. Ndinkangowayang'ana akuthira madzi pa mizere yakufa, nkhope itagwa, ine n'kumadabwa: munthu wavutika chisanu chonse kuti asamveke, nanga akudandaulanji kuti palibe akumufunafuna?