Waya Amene Amalume Anameta

"Mphwanga, unayamba wadera nkhawa munthu amene nkhope yake suidziwa?" Amalume anandifunsa choncho nditangomaliza sukulu, masiku amene ndinkazungulira pakhomo ngati nkhuku yosowa poikira.

Amalume ndi okonza mafiriji, koma mumsewu mwathu amadziwika kuti a Halohalo. M'kachipinda ka kuseri kwa shopu, pakati pa mamota akufa ndi mabotolo a gasi, ali ndi wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali. Eriyo yake ndi waya wamkuwa wochoka padenga kukafika pamtengo wa mapeyala, ndipo pakati pake pamatsika chingwe chakuda cholowera pawindo.

M'mawa uliwonse asanatsegule shopu, ankacheza ndi mkulu wina woyendetsa sitima wopuma pantchito, amene sanaonanepo naye. Mkuluyo mkazi wake atamwalira, amalume analonjeza kuti sadzajomba kumuitana. Manambala a foni sanapatsane. Kwa awiriwo, kutero kukanakhala kunyoza wailesi.

Ndiye mvula itayamba, mawu a mkuluyo anayamba kumira m'phokoso longa la mafuta m'chiwaya, mpaka zii. Singano ya kamita koyezera inkaonetsa kuti mphamvu ikubwerera m'wailesi m'malo mopita kunja. Amalume anagamula kuti waya watalika chifukwa chokokedwa ndi mtengo pamphepo. Anamutsitsa n'kudulako pang'ono mbali zonse ziwiri. Sizinasinthe. Mawa lake anadulanso, mkuja wake chimodzimodzi.

"Bambo a kuno," anatero azakhali akuyanika zovala, "mukamaliza kumeta wayayo muyambe ndevu zanuzo."

Amalume sanaseke. Chakudya sichinkatsika. Ankangoona mnzawo uja atakhala yekha pawailesi, akuitana, kenaka n'kuzimitsa akuti nayenso uyu wanditaya.

Tsiku lina amalume akusuntha tebulo, dontho la madzi linagwa kuchokera kupulagi ya chingwe chakuda chija, m'chipinda chosadontha. Anasenda chingwecho ndi kampeni. Mkuwa wa m'kati unali wonyowa, utasanduka wobiriwira. Tepi yomata pamene chingwe chimakumana ndi waya inali itang'ambika ndi dzuwa, mvula n'kumatsika m'kati ngati m'paipi. Waya analibe mlandu. Anasintha chingwe, koma singano inakanabe, poti waya tsopano anali atafupika zedi.

Anakhala pakhonde manja ali m'khosi. Azakhali anawayang'ana, kenaka anaanula zovala zikadali zonyowa n'kumasula waya wawo woyanikira, amene anali wotsala wa mkuwa womwewo. Anati ngati malaya a kushopu anunkha chinyezi, wina asadandaule.

Amalume analumikiza mawayawo ndi mtovu, n'kumata tepi mosaumira. Padenga ndinakwera ndine, poti mawondo awo anali atatopa ndi makwerero. Ulendo uno sitinadule. Tinkangopinda nsonga pang'onopang'ono mpaka singano inagona.

M'mawa mwake mawu anatuluka oyera ngati munthu ali m'chipinda momwemo.

"A Halohalo, ndimayesa mwatsogola osanditsanzika."

"Ndikanayamba bwanji, achimwene? Kuyendetsa sitima simunandiphunzitse."

Anacheza mpaka makasitomala anayamba kugogoda. Za foni palibe anatchula, ndipo ndinadziwa kuti sadzatchula. Choncho ndinatsimikiza mtima kuti ndilemba mayeso a chiphaso cha wailesi, kuti tsiku limene amalume adzagone ndi malungo, mkulu uja akadzaitana adzayankhidwe ndi ine.