Mchenga m'thumba la yureya

Uphunzitsi ndinayambira pa sekondale yoyendera kufupi ndi Njombwa. Labotale kunalibe. Inali nthawi ya makuponi, ndipo kulikonse nkhani inali ya feteleza basi.

Titafika pa phunziro logawa zinthu m'magulu, ndinauza ana a Fomu 1 kuti aliyense abwere ndi kanthu kuchokera kwawo. Anabweretsa mchere, makala, waya wa kopa, phulusa, wina thobwa m'botolo. Tinayamba ndi zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya, kenako tinalowa posiyanitsa chinthu cha mtundu umodzi ndi zosakanizika.

M'kalasimo munali mtsikana wofatsa, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya, kwawo ku Mulanje. Iye anatulutsa kajumbo ka feteleza woyera.

"Madamu, uyu ndi yureya. Bambo agula dzana kwa venda. Ife kuponi sitilandira, akuti si ife a mudzi uno."

Ndinakondwa. "Yureya ndi chinthu cha mtundu umodzi," ndinatero. "Taonani, asungunuka yense m'madzi."

Ndinathira m'tambula n'kuyamba kutakasa ndi bolopeni. Ndinatakasa mpaka dzanja kutopa, koma pansi panakhalabe zoyera. Titasefa ndi mpango wanga, panatsala mchenga wa kudambo, pafupifupi theka la zomwe ndinathira.

Ana anafa nacho chiseko. Mtsikana uja anangogoneka mutu pa desiki. Ine mtima unandiwawa, poti ndine ndinaulula tsoka la kwawo pamaso pa anzake.

M'mawa mwake ndinapeza bambo ake atakhala pakhonde la kalasi, chipewa chili pabondo, zala zitada ndi utomoni wa fodya. Anali atatapa feteleza wina wa pansi pa thumba.

"Aphunzitsi, mwana wandiuza. Koma ndimati ndione ndi maso angawa."

Ndinasungunula ndi kusefa iwo akuona. Anatola mchengawo n'kuufikisa ndi zala kwa nthawi yaitali.

"Venda uja ndapitako, wasamuka," anatero motsitsa mawu. "Nanga wabwinoyo tingamupulumutse?"

Loweruka ndinapita ku kamunda kawo ka chimanga, kuseri kwa zigafa, ndi ana asanu ndi mmodzi, ena mwa iwo omwe anaseka aja. Tinasungunula thumba lonse m'ndowa, kusefa ndi chiguduli, kuonjezera madzi ambiri kuti chimanga chisapse, n'kumathira ndi makapu pambali pa phando lililonse. Mtsikana uja ndiye ankalangiza anzake muyezo, ndipo tsiku limenelo ndinamva mawu ake okweza koyamba. Feteleza anathera pakati pa munda.

Mbali yomwe tinathirayo inabereka ndithu, inayo inangokhala yachikasu. Pa mayeso otsiriza chaka mtsikanayo anakhoza sayansi kuposa onse. Koma fodya atagulitsidwa banja lawo linasamukira ku esiteti ina cha ku Mchinji, ndipo Fomu 2 sanabwere. Ndinafunsafunsa kwa matenanti anzawo ngati anapitiriza sukulu. Palibe ankadziwa.