Amake Jessy ndi Mpando wa M'filimu

Pa Nyimba palibe woyala nthochi ngati amai Sophia Daka, amake Jessy. Phava lililonse amalipukuta ndi kansalu n'kulikhazika m'beseni mwaluso, mwakuti anzawo amangoyang'ana kukamwa kuli yasa. Tsoka lake, diso lomwelo ankapita nalo kunyumba. Jessy, mtsikana wamkulu kale, akasesa iwo ankasesanso, akachapa ankachapanso. Atatopa nazo anamanga chikwama, ati Loweruka apita kwa azakhali ake ku Sandwe, osabweranso.

Sabata yomweyo basi ina ya ku Lusaka inkaonetsa filimu imodzimodzi, ndipo amaiwa akalowa kukagulitsa ankaonako kachigawo. Inali ya mmisiri wa matabwa amene anatha zaka akupala mpando umodzi, osadya, osagona, mpaka kumenya mwana wake chifukwa chougwira ndi manja a thukuta. Chingelezi sankachimva, koma akatsika ankaifotokoza mpaka anzawo kuiwala makasitomala.

"Uja ndiye munthu," ankatero. "Nchito azigwila telo."

Lachisanu sanatsike. Anakhala pampando, beseni pamiyendo, mpaka ku Petauke, kufuna kuona mathero basi. Atabwerako masana, mnzawo Goodness anawathamangira.

"Amake Jessy, filimu ija inasila bwanji?"

"Mpando anatsiliza. Wokongola, sin'naonepo. Koma filimu ija ni yoyofya, amake mwana, ngakhale mulibe magazi. Anaitana mwana wake kuti akhalepo, m'nyumba muli zii. Mwanayo anacoka kale, eve sanaone. Anatsala akamba na mpando."

Anayankhula motsitsa mawu, mantha akuonekera pankhope, ndipo tsiku limenelo sanadikirenso basi ina.

Kunyumba anapeza Jessy atasesa pabwalo, koma pafupi ndi khomo panatsala masamba atatu a mango. Dzanja linapita lokha ku tsache. Analigwira, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenaka analitsamiritsa kukhoma n'kukhala pakhonde, manja atawapanikiza m'maondo.

"Wapyanga bwino, mwana wanga."

Jessy anasuzumira pakhomo. "Amama, mwadwala?"

"Iyayi. Bwela ukhale pano."

Amene amawadziwa amaiwa amati chodabwitsa si ulendo wa ku Petauke, koma masamba aja. Anakhala pomwepo mpaka Lamlungu, amake Jessy akuwalambalala mano ali gwa, ndipo chikwama cha Jessy sichinatuluke m'nyumba.